Nkhono yosambira pansi pa ayezi wa ku Antarctica

Ku McMurdo Sound, kachigawo ka nyanja ya Ross Sea ku Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, madzi a m'nyanja amakhala pa madigiri pafupifupi -1.9 chaka chonse. Akanakhala madzi a pachitsime, bwenzi ataundana kalekale. Amenewa amawapulumutsa ndi mchere, koma nawonso amangotsala pang'ono kuuma. Kumadzulo kwa nyanjayi kuli malo otchedwa Explorers Cove, komwe ayezi wa pamwamba amatha kukhala zaka zingapo osasweka. Asayansi akaboola ayeziyo n'kutsikira pansi, amapeza mchenga uli mbwee ndi tizigoba tofiirira, tozungulira, tokula ngati chikhatho cha mwana. Munthu akayandikitsa dzanja, kachigoba kamodzi kamayasama, n'kutseka, n'kuyasamanso, kenako kamadzuka pamchengapo n'kuyamba kuyenda m'madzi ngati kakuwaluma. Kakatero kangapo kamatopa, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kubwerera pansi.

Kanyamaka ndi nkhono ya zigoba ziwiri, ya mtundu umene pa Chingelezi amati scallop. Dzina lake la sayansi ndi Adamussium colbecki. Amene anayamba kuilemba m'mabuku ndi Edgar Smith wa ku British Museum mu 1902, atapenda zimene anabweretsa anthu a pa ulendo wa sitima ya Southern Cross wa 1898 mpaka 1900, ndipo anaipatsa dzina la William Colbeck, mmodzi wa anthu a pa ulendowo. Chimene chimandikopa pa nkhonoyi n'chakuti imasambira pamalo pomwe pafupifupi chilichonse chofunika pa kusambira chimalimbana nayo. Kukhala moyo m'madzi ozizira chotere si chachilendo kwenikweni kwa nyama zopanda msana, pakuti madzi a m'thupi mwawo ali ndi mchere wolingana ndi wa m'nyanja, choncho saundana nyanjayo isanaundane. Nsomba ndi zimene zimavutika, n'chifukwa chake za kumeneko zili ndi mapuloteni oletsa magazi kuundana, amene Arthur DeVries anawatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Koma kungokhala moyo n'kwina, kuthawa mdani n'kwinanso.

Tiyambe ndi mmene nkhono yotere imasambirira, chifukwa ilibe mchira, ilibe zipsepse, ilibe miyendo. Ili ndi zigoba ziwiri zolumikizana kumbuyo monga chitseko chimalumikizana ndi felemu, ndipo pakati pa zigobazo pali mnofu umodzi waukulu, woyera, wozungulira ngati kachidutswa ka nzimbe. Mnofu umenewu ndi umene anthu amadya m'mahotela a ku Ulaya ndi ku Japan, ngakhale kuti kumeneko amadya wa mitundu ina. Ukakungika, zigoba zimatsekeka mwamphamvu ndipo madzi amene anali m'kati amafinyidwa. M'mphepete mwa zigobazo muli kachikopa kofewa kooneka ngati nsalu yotchinga, kamene kamatseka kutsogolo kuti madziwo asatulukire kumene analowera. Amatulukira pa timipata tiwiri ta kumbuyo, uku ndi uku kwa polumikizira paja, ndipo nkhonoyo imakankhidwira kutsogolo. Amene anaonapo mvukuto wa wosula zitsulo wamvetsa kale: kukoka mpweya pakamwa papakulu, kuutulutsa pa kabowo kakang'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira. Mnofu umadziwa kukoka basi, sudziwa kukankha. Pamkono wa munthu pali minofu iwiri, wina wopinda, wina wowongola. Nkhonoyi ilibe mnofu wotsegulira zigoba. Chimene ili nacho ndi kachidutswa kakuda kokhala ngati mphira, kamene kali pa polumikizira paja, kopangidwa ndi puloteni yotchedwa abductin. Zigoba zikamatsekeka kamafinyidwa n'kusunga mphamvu, ndipo mnofu ukangomasuka kamadzitukumula n'kutsegula zigoba. Ndiye kuti kuomba kulikonse ndi mgwirizano wa zinthu ziwiri, mnofu wamoyo ndi mphira imene imangobweza chimene yapatsidwa. N'chifukwa chakenso nkhono yakufa imapezeka ili yasa.

Mnofuwo uli ndi mbali ziwiri. Yaikulu ndi yothamanga, yofanana ndi minofu yathu ya m'miyendo, ndipo ndi imene imasambiritsa. Yaing'ono ndi yochedwa, koma ikagwira yagwira, imatha kusunga zigoba zili zotseka kwa maola ambiri osawononga mphamvu yochuluka. Nkhono ikathawa mpaka kutopa, mbali yaing'onoyi ndi imene imatseka pakhomo.

Tsopano tiike zonsezi m'madzi a -1.9.

Woyamba kuvulala ndi mnofu. Aliyense amene anachapapo zovala m'mamawa wa mwezi wa June amadziwa mmene zala zimakanira kumanga batani pambuyo pake. Zala zili bwinobwino, koma zikuchedwa kumva. M'kati mwa selo la mnofu muli timaulusi ta mitundu iwiri, actin ndi myosin. Uthenga ukabwera kuchokera ku mtsempha, kashiamu amatulutsidwa m'timatumba momwe amasungidwa, ndipo timitu ta myosin timayamba kugwira actin, kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, monga anthu okoka khoka pagombe amalandizira chingwe dzanja ndi dzanja. Kugwira ndi kusiya kulikonse kumadya kamphamvu kotchedwa ATP. Zonsezi ndi ntchito za ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'maselo, ndipo ntchito zoterezi zimachedwa kukazizira. Lamulo limene akatswiri a zamoyo amayendera ndi lakuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, liwiro la ntchitozi limatsika kufika pa theka kapena kuchepera apo. Nkhono ya ku Antarctica ili madigiri oposa 10 pansi pa inzake ya m'nyanja za ku Britain m'chilimwe.

Mwa njira, mnofu wa scallop uli ndi mbiri yakeyake mu sayansi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Andrew Szent-Györgyi ndi anzake anaonetsa kuti mu nkhono zotere kashiamu amakagwira pa myosin penipeni kuti mnofu uyambe ntchito, pomwe m'minofu yathu ya m'mafupa amakagwira pa puloteni ina ya kumbali ya actin. Kuyambira pamenepo mnofu umenewu wakhala ngati kalasi yophunziriramo mmene minofu imayatsidwira.

Kuzizira sikuchotsa kwambiri mphamvu imene mnofu ungakoke nayo ukapatsidwa nthawi. Chimene kumachotsa ndi changu. Ndipo pa kusambira kotere changu ndicho chuma chonse, pakuti madzi ofinyidwa pang'onopang'ono amangotuluka mwaulesi osakankha kanthu. Kumasuka nakonso kumachedwa, ndipo apa ndi pamene ambiri saonapo. Kuti mnofu umasuke, kashiamu uja ayenera kupopedwa kubwerera m'timatumba take, ndipo pampu yake ndi enzyme inanso yomwe yazizidwa. Mnofu usanamasuke, mphira ija singatsegule zigoba. Zigoba zisanatseguke, madzi atsopano salowa. Kuomba kwachiwiri kumadikira, ndipo pa kanthawi kodikirako nkhono ikumira, chifukwa ndi yolemera kuposa madzi. Pamene Alan Ansell, Riccardo Cattaneo-Vietti ndi Mariachiara Chiantore anaunika mavidiyo ojambulidwa pansi pa nyanja ku Terra Nova Bay, m'mbali mwa Ross Sea momwemo, kafukufuku amene anatuluka mu 1998, anapeza kuti nkhonozi siziomba kufika kawiri pa sekondi. Anzake a m'madzi ofunda amaomba mofulumirirapo.

Chachiwiri ndi madziwo. Madzi akazizira amalimbirako, monga uchi umachitira m'nyengo yozizira, ngakhale kuti maso sangaone. Pa madigiri 0 kulimba kwake kumaposa kwa pa madigiri 20 ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Kwa tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja, ndi kwa ana a nkhonoyi akadali ngati fumbi, zili ngati kusambira m'phala. Kwa nkhono yaikulu vutoli ndi laling'ono, chifukwa pa msinkhu wake chimene chimalemetsa ntchito ndi kulemera kwa madzi amene iyenera kusuntha, osati kumata kwake.

Chachitatu ndi mphira, ndipo ichi ndi chimene ndimachikonda. Mphira imabwerera m'malo chifukwa timaulusi take tataliatali timakhala tikugwedezeka ndi kupiringizika nthawi zonse, ndipo chimene chimatigwedeza ndi kutentha. Ukaikoka kapena kuifinya, timaulusito timakakamizidwa kukhala mwadongosolo. Ukaisiya, kugwedezeka kuja kumatibwezera ku chipwirikiti chake. Kukazizira kugwedezekako kumachepa, mphira imauma, ndipo mphamvu yambiri imene yaikidwamo imatayika m'malo mobwezedwa. Dziko linaphunzira zimenezi momvetsa chisoni pa 28 January 1986, pamene chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chinasweka chitangonyamuka ku Florida n'kupha anthu 7. M'mawa umenewo kunazizira kwambiri, ndipo mphira yotsekera polumikizira roketi inalephera kubwerera m'malo msanga. Pa kafukufuku wa ngoziyo, wasayansi Richard Feynman anaviika kachidutswa ka mphirayo m'kapu ya madzi a ayezi pamaso pa anthu n'kuonetsa kuti kakafinyidwa sikabwerera. Nkhono ya ku Explorers Cove imadalira mphira yake m'madzi ozizira kuposa a m'kapu ija, tsiku lililonse la moyo wake.

Munthu angaganize kuti yankho la chilengedwe likanakhala mnofu waukulu kapena wachangu kuposa wa nkhono zina. Zimene anapeza ofufuza si zimenezo. David Bailey, Ian Johnston ndi Lloyd Peck, komanso Mark Denny ndi Luke Miller a ku Hopkins Marine Station ya yunivesite ya Stanford, amene kafukufuku wawo anatuluka mu Journal of Experimental Biology mu 2006, anaona kuti mnofu wa Adamussium ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa nkhono za msinkhu womwewo za m'madzi ofunda, ndipo ndi wochedwa monga momwe kuzizira kumalamulira. Zimene zasintha ndi zina. Mphira yake imabweza mphamvu bwinoko pa kuzizira kumeneko kusiyana ndi ya scallop wa m'madzi ofunda. Kusiyanako n'kochepa, koma pa kuomba kulikonse kamphamvu kopulumutsidwako kamawerengeka. Denny ndi Miller anafika ponena kuti kumvetsa kapangidwe ka puloteniyi kungathandize anthu opanga mphira yogwira ntchito kozizira.

Kusintha kwakukulu kuli pa chigoba. N'chopyapyala kwambiri, chopepuka, choti ukachiyang'anitsa ku dzuwa kuwala kumadutsako, ndipo munthu akachigwira mosasamala chimasweka m'zala. Scallop wamkulu wa ku Ulaya, Pecten maximus, ali ndi chigoba chokhuthala chokhala ndi mizere yotukuka ngati malata, cholimba moti anthu amaphikiramo chakudya mu uvuni. Adamussium inataya zonsezo. Woyenda ulendo wautali wapansi akaona kuti miyendo yafooka, sangagule miyendo ina, amatsitsa katundu. Ndi chigoba chopepuka, kukankha kofooka kumakwanira kuinyamula, ndipo pa kanthawi kodikira mnofu kumasuka siimira msanga. Ngakhale zili choncho, liwiro lake langopitirira pang'ono liwiro lochepetsetsa limene ingasambire nalo osatsika. Ilibe chapadera chosungira mawa.

Koma chigoba ndi linga. N'chifukwa chiyani nkhono ingayerekeze kukhala ndi linga la pepala? Zifukwa zilipo ziwiri ndipo zonse zimachokera ku kuzizira komweko. Chigoba chimamangidwa ndi calcium carbonate, mwala womwe timawotcha popanga laimu, ndipo mwala umenewu umasungunuka mosavuta m'madzi ozizira kusiyana ndi ofunda. Kumanga chigoba chokhuthala ku Antarctica n'kodula, ndipo nkhono zambiri za kumeneko zili ndi zigoba zopyapyala. Chifukwa china ndi cha mbiri. Zaka pafupifupi 34 miliyoni zapitazo Antarctica inayamba kukutidwa ndi ayezi, ndipo njira za m'nyanja zitatseguka pakati pa iyo ndi South America komanso Australia, mkokomo wa madzi ozungulira kontinentiyo unaitsekera payokha. Pamene madzi ankazizira, nyama zophwanya zigoba zinatha m'madzi osaya: nkhanu zenizeni, ndi nsomba zambiri za mano ophwanyira. Nkhanu zili ndi vuto lakelake. Zimalephera kuchotsa bwino magnesium m'magazi mwawo, ndipo kukazizira kwambiri mchere umenewu umazigoneka ngati mankhwala ochititsa dzanzi. Richard Aronson ndi anzake alemba zambiri za mmene kusowa kwa adani amenewa kunasiyira pansi pa nyanja ya Antarctica m'manja mwa nyama zochedwa ndi zofewa.

Adani otsala ndi a mtundu wina. Pali nyama za miyendo isanu zooneka ngati nyenyezi, pali nyongolotsi yaitali yotchedwa Parborlasia corrugatus, pali nsomba ya Trematomus bernacchii imene ku Terra Nova Bay imadya nkhonozi. Ambiri mwa iwo amakwawa, ndipo nawonso kuzizira kwawachedwetsa. Pothawa mdani woyenda masentimita ochepa pa mphindi, kusuntha mita imodzi n'kokwanira.

Ngakhale scallop wa m'madzi ofunda si wosambira mtunda. Mnofu wothamanga uja uli ndi mitsempha ya magazi yochepa ndipo sudikira mpweya. Umayamba ndi nkhokwe ya phosphoarginine, imene imabwezeretsa ATP nthawi yomweyo, monga phosphocreatine amachitira m'miyendo ya wothamanga mamita 100. Nkhokweyo ikamatha, mnofu umaphwanya shuga popanda mpweya, ndipo zotsalira zake ndi octopine, pomwe mwa ife zimakhala lactate. Pambuyo pake pamabwera nthawi yobweza ngongole, nkhono ili phee, ikupuma madzi, mpaka nkhokwe idzadzenso. Ntchito imeneyi imafuna mpweya wa okosijeni, mtima, ndi timagawo ta m'maselo totchedwa mitochondria. Nyama za kozizira zimathandiza maselo awo posintha mafuta a m'zikopa za maselowo kuti asaume. N'kusiyana komwe timakuona m'khitchini m'nyengo yozizira, pamene majarini alimba koma mafuta ophikira a m'botolo akuyendabe.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza. Ngati kuzizira ndiko kumachedwetsa mnofu, munthu angayembekezere kuti madzi akafunda pang'ono nkhonoyi ipeza mpumulo n'kuyamba kusambira mwachangu. Mu 2004 Lloyd Peck wa ku British Antarctic Survey, pamodzi ndi Karen Webb ndi David Bailey, anafalitsa mu Functional Ecology zimene anapeza atayesa zimenezi. Anatenga nyama zitatu za ku Antarctica n'kuzifunditsira madzi pang'onopang'ono, ndipo sanadikire kuti zife, anayang'ana ngati zikuthabe kuchita ntchito imene moyo wake umadalira. Laternula elliptica, nkhono yodzikwirira m'matope, anaifukula kuti aone ngati idzikwiriranso. Nacella concinna, yomata pamiyala, anaigadamitsa kuti aone ngati idzitembenuza. Pa madigiri 2 mpaka 3, theka la nyamazi linalephera, ndipo pa madigiri 5 panalibe yokhoza. Adamussium ndiyo inagonja msanga kuposa zonse. Madzi atayandikira madigiri 2, inasiya kusambira.

Madigiri 2 ndi ozizira kuposa m'kati mwa furiji ya kunyumba. Munthu atagwera m'madzi otere manja ake amasiya kugwira m'mphindi zochepa. Kwa nkhonoyi kumeneko ndi kutentha kofooketsa. Hans-Otto Pörtner wa ku Alfred Wegener Institute ku Bremerhaven amafotokoza zoterezi ndi mpweya: madzi akafunda, thupi lonse limafuna okosijeni wochuluka ngakhale lili chigonere, koma mtima ndi ziwalo zopumira zimene zinazolowera moyo wapang'onopang'ono sizikwanitsa kuwonjezera. Mpweya wonse umathera pa kungokhala moyo, ndipo wothawira ndi wobwezera ngongole sutsala. Akatswiri ena amatsutsa kuti lingaliro limeneli silikwanira nyama zonse, ndipo mkanganowo ukupitirira. Koma chimene anaona Peck n'choonekeratu, ndipo kwa ine ndi chimene chiyenera kuyang'aniridwa tikamakamba za kutentha kwa nyanja. Funso lakuti nyama imafa pa madigiri angati limatinyenga. Nkhono imene ili moyo koma singathawe yasanduka kale ndiwo ya woyamba kuipeza.

Kumpoto zinthu n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumathandiza kumvetsa. Chlamys islandica, scallop wa ku Iceland, Greenland, Norway ndi kum'mawa kwa Canada, amene Helga Guderley wa ku Université Laval anafufuza kwambiri za minofu yake, amakhalanso m'madzi ozizira, koma chigoba chake n'cholimba, cha mizere, ndipo nthawi zambiri amadzimangirira pamiyala ndi timaulusi take. Nyanja za kumpoto zinazizira posachedwapa poyerekeza ndi za kumwera, n'zolumikizana ndi Atlantic ndi Pacific, kutentha kwake kumasinthasintha ndi nyengo, ndipo nkhanu zilipo. Nkhono ya kumeneko sinapatsidwe mwayi wotaya linga lake, komanso sinataye luso lopirira kusintha. Ya kumwera inakhala zaka mamiliyoni m'madzi amene kuzizira kwake kumasintha pang'ono chabe m'malo ngati McMurdo Sound, ndipo thupi lake lonse linasokedwa molingana ndi muyeso umodzi umenewo.

Zinthu ziwiri zimene zinalola chigoba chopyapyala zikusuntha. Nyanja ikumwa carbon dioxide wochuluka wa mumlengalenga, ndipo madzi ozizira ndi amene amamwa kwambiri, zomwe zikuchititsa kuti mwala wa chigoba uzisungunuka mosavuta kuposa kale. Ndipo mu 2011 Craig Smith wa ku University of Hawaii ndi anzake analengeza kuti apeza gulu lalikulu la nkhanu zikuluzikulu za mtundu wa king crab ku Palmer Deep, dzenje lakuya la kumadzulo kwa Antarctic Peninsula, komwe madzi a pansi ndi ofundirako. Palmer Deep ili kutali kwambiri ndi Ross Sea, ndipo nkhanuzo zikadali kozama, mamita mazanamazana pansi pa kumene nkhonozi zimachuluka. Chimene chimazitchinga kuti zisakwere ndi madzi ozizira a pamwamba pake.

Chigoba chomwechi chili ndi ntchito ina imene inadziwika posachedwa. M'madera ena a McMurdo Sound madzi amazizira kupitirira pang'ono poundanira asanaundane, ndipo ayezi amamera pa chilichonse cha pansi, pamiyala, pa siponji, pa zingwe za asayansi. Akakula amayandama n'kunyamula chimene wamerapo, kukachipanikiza ku denga la ayezi komwe chimafera. Paul Cziko, amene wasambira kwambiri pansi pa ayezi ameneyu, anaona kuti zigoba za Adamussium sizigwidwa motero. Mu 2022 iye, William Wong, Konrad Meister ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atayang'ana chigobacho pa makina okulitsa zinthu. Pamwamba pake pali timizere tosongoka tating'onoting'ono tondandalikana bwino, ndipo ayezi amayambira pansonga pa timizereto n'kusiya timipata pansi pake, choncho sagwira mwamphamvu. Anayesanso zigoba za scallop za m'madzi ofunda, ndipo pa izo ayezi anamata zolimba. Pa chigoba cha Adamussium, kayendedwe kochepa ka madzi, kapena kuomba kwa mnofu wochedwa uja, kamakwanira kumusadzula.